Silinda ya Kunsi kwa Bedi

Nditabwerako ku Joni, banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha silinda ya gasi. Ndikanena chonchi anthu amaseka, poganiza kuti ndikubisa dzina la munthu. Nawonso abale a mkazi wanga anaganiza chomwecho, ndipo mpaka lero alipo ena kuno ku Ligowe amene amandiyang'ana cham'mbali ndikamadutsa. Koma inali silinda ndithu, yachitsulo, yolekeza m'mabondo, ndipo ine ndinatsala pang'ono kutaya nyumba imene ndinaikhomera malata ndi thukuta langa chifukwa chokana kugona nayo chipinda chimodzi.

Ndine mkamwini. Malo amene pali nyumba yathu ndi a kwawo kwa Nachisale, mkazi wangayo, ndipo mkamwini amadziwa kuti tsiku limene banja latha amanyamula chikwama chake chokha. Pamene ndinkachoka, mwana wathu Tadala anali asanayambe sukulu. Nachisale anandiperekeza mpaka pa Boma, pamene ndinakwera minibasi ya ku Zalewa kukadikira basi yaikulu. Sanalire. Anandipatsa mtedza wokazinga m'kajumbo n'kundiuza kuti ndisakazolowere. Ine ndinamulonjeza kuti dzinja likubweralo tidzalima limodzi, koma madzinja anadutsa ambiri moti Tadala anayamba kuvala nsapato za mayi ake ine ndisanabwere.

Ulendo wake sindiukumbukira bwino. Ndimangokumbukira kutentha kwa ku Tete ndi mizere ya pachipata chilichonse, ife titakumbatira zikwama. Amene ankabwerera ku Joni kachiwiri ankagona tulo tawo, atsopanofe maso ali gwa pawindo. Mtedza uja unathera ku Zimbabwe.

Ku Joni ndinayamba monga amayambira aliyense. Ndinatchetcha kapinga wa anthu, ndinatsuka magalimoto, ndinasenza matumba a simenti mpaka khosi linafupika. Ntchito ya ku labu inandipeza kutchalitchi. Mkulu wina wa ku Malawi konkuno, amene ukalamba unali utamupeza, anandinong'oneza kuti akusiya malo ake, ndipo ngati ndingathe kutsuka mabotolo osaswa ndipite Lolemba. Inali labu yoyeza dothi, madzi ndi miyala zochokera kumigodi ndi kuminda ikuluikulu. Ine ndinkaganiza kuti labu ndi ya magazi ndi malungo basi.

Wotiyang'anira anali mayi wina wa Chizulu, wamfupi, wa mawu aakulu, amene tonse tinkangomutcha kuti Mama. Ataona kuti mabotolo sindikuswa, anandipatsa makiyi a kanyumba ka gasi. Musaganize kuti kunali kukwezedwa. Anzanga onse ankaikana ntchitoyo chifukwa masilinda ndi olemera, ndipo kanyumbako kanali panja, kumphepo.

Gasi amene tinkagwiritsa ntchito kwambiri ndi pulopeni, yemwe amapezekanso mu gasi wophikirayu. Mama sanandipatse buku. Anandiuza kuti ndigwedeze silinda pang'ono ndimvetsere, ndipo ndinamva ngati muli madzi. Anati m'katimo gasiyo amakhala wamadzimadzi chifukwa chopanikizidwa, koma akangotuluka amasanduka mpweya wochuluka zedi, moti kapu imodzi ingadzaze ndowa zingapo. Kenako anandilozera zibowo za kanyumbako. Zinali m'munsi, cha kumapazi, osati kumwamba kumene kumakhala mawindo a anthu. Anati gasi uyu ndi wolemera kuposa mpweya timapumawu, ndiye akatuluka sakwera kudenga monga uchitira utsi. Amatsika n'kumayenda pansi ngati madzi, kufunafuna dzenje, ngalande kapena kunsi kwa tebulo, ndipo akapeza malo otere amakhala pomwepo phee kudikira moto. Munthu ukhoza kuimirira m'chipinda osamva kanthu, mapazi ako ali m'gasi. Ngakhale fungo lake lija la kabichi wowola si lake ayi, amachita kuthiramo dala kuti anthu azimva akamatuluka, chifukwa payekha alibe fungo ndipo saoneka.

Malamulo enawo ndinawaphunzira ndi manja. Silinda imaima chilili nthawi zonse, yomangidwa ndi tcheni kukhoma, chifukwa ukaigoneka zimene zimafika pakamwa pake ndi zamadzimadzi zija, ndipo moto wake sungaulamulire. Nati yake imamangidwa mobwerera, cha kumanzere, kuti munthu asasokoneze paipi ya gasi woyaka ndi ya okosijeni. Tsiku loyamba ndinalimbana nayo natiyo mpaka thukuta, ndikumanga poganiza kuti ndikumasula, Mama ali chiimire akundionerera. Ukamaliza kulumikiza umapaka madzi a sopo polumikizira ponse, ndipo pakatuluka thovu lomakula ndiye kuti gasi akuthawira pamenepo. Ukamva fungo m'chipinda sukhudza switchi ya magetsi, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa. Umatseka kampopi ka pamutu pa silinda, n'kutsegula zitseko, n'kutulutsa anthu.

Gasi ameneyu amawotchanso popanda moto. Tsiku lina ndikumasula paipi imene munatsalira wamadzimadzi, magolovesi ali pawindo, anandipemerera zala. Sizinatenthe, zinazizira mpaka kuyera mbee, kenako zinachita matuza. Mama anaziviika m'madzi ofunda uku akundikalipira m'Chizulu, m'Chingerezi ndi m'chilankhulo china chimene mpaka lero sindichidziwa. Panalinso masilinda a asetilini, wonunkha ngati adyo, amene ankapita ku makina oyeza zitsulo za m'miyala. Ameneyo ndi wamkwiyo, safuna kugwetsedwa kapena kutenthedwa, koma amene Mama ankandichenjeza naye tsiku ndi tsiku ndi pulopeni, chifukwa cha khalidwe lake lobisala pansi.

Ntchitoyi ndinaikonda, osabisa. M'kati mwa labu gasi ankayenda m'mapaipi mpaka pamatebulo, pamene panali timbaula ta lawi limodzilimodzi. Ukatsegula bwino kabowo ka mpweya, lawi limakhala labuluu, losachita mwaye, ndipo oyeza madzi ankawotcherapo tiwaya tawo mpaka kufiira kuti tizilombo tife asanakhudze madzi ena. Kuchipinda china gasi yemweyo ankasungunula ufa wa miyala m'tikapu mpaka usanduke kabatani kagalasi. Koma makina amene ankandiimitsa ndi tsache m'manja ndi amene ankapopera madzi a dothi m'lawi n'kuwerenga mtundu wake. Mchere unkasandutsa lawi kukhala lachikasu. Potashi, wa mu feteleza uja, ankalisandutsa lofiirira ngati maluwa a mbatata ya kachewere. Ndinkangoganiza za munda wa Nachisale wa kotsetsereka uja, kuti dothi lake likanaonetsa mtundu wanji.

Kunyumba ndinkatumiza zimene ndinkatha. Malata anagulidwa, simenti inagulidwa, ndipo Nachisale ankanditumizira zithunzi pafoni: khoma lafika pawindo, denga lakhomedwa, Tadala wavala yunifolomu. Apongozi anga aakazi atamwalira, Nachisale anandiimbira akulira, ine n'kumvetsera mpaka mayunitsi anatha. Koma zanga sindinkamuuza. Si ine ndekha. Pafoni ya ku Joni aliyense amati kuno kuli bwino ngakhale wagona ndi njala, chifukwa wakumudzi ukamuuza mavuto palibe chimene angachite koma kusowa tulo.

Ndinkakhala ndi Lazaro, mmisiri womanga nyumba wa ku Ntchisi. Chipinda chathu chinali kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo kale chinali chosungiramo katundu, moti polowa unkachita kutsika sitepe. Bedi linali limodzi. Lazaro anati pamenepo pazigona a dokotala, iye n'kuyala matiresi pansi. Ndi mmene ankanditchulira, a dokotala, chifukwa cha chovala choyera cha ku labu chimene ndinkabwera nacho kudzachapa. Ndikadwala ankandiphikira phala uku akundinena kuti dokotala wanji wosadzichiza. Loweruka ankandimeta ndi makina ake obuntha, akuimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu, ndipo akatopa ankandifotokozera nyumba imene adzamange kwawo, chipinda ndi chipinda, mpaka mtundu wa penti. M'nyengo yozizira, kuzizira kwa ku Joni kumene kumalowa m'mafupa, tinkatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi masaka kuti mphepo isalowe.

Chaka china magetsi anayamba kuzimazima kwambiri. Ine n'kuti atanditumiza ndi gulu la ku labu kumgodi wina wakutali kukatenga miyala ndi madzi. Ndili komweko Lazaro anatopa ndi kudya buledi wouma, n'kugula kasilinda kakale kwa munthu wa mumsewu, kokhala ndi mbale yophikira pamutu. Panja sakanakasiya, chifukwa ku Joni amaba ndi sokosi yonyowa yomwe pachingwe. Anakaika m'kati, pafupi ndi matiresi ake. Ndinabwera Lamlungu m'mawa dzuwa litakwera kale, ndipo nditangokhota pakona ndinaona anthu atadzaza pageti. Chitseko chathu chinali chitagwera panja. Lazaro anali atakhala pansi pabwalo, wina akumuthira madzi a m'ndowa, ndipo atandiona anayesa kuseka.

Kuchipatala anandifotokozera pang'onopang'ono. Anali ndi chimfine, mphuno zonse zotseka. Anadzuka kuti aphike tiyi, n'kuwerama, n'kuyatsa machesi.

“A dokotala, moto sunachokere pambale paja ayi,” anatero. “Unadzuka pansi ponse nthawi imodzi, ngati unagona nane.”

Anakhala masiku angapo, kenako anatisiya. A kwathu tinasonkhana n'kumutumiza ku Ntchisi m'bokosi. Nachisale ndinangomuuza kuti mnzanga wokhala naye uja wamwalira. Anapepesa, kenako anandifunsa ngati chimanga agulitseko kapena asunge.

Kuyambira pamenepo mphuno yanga sinapumenso. Ndinkamva gasi m'takisi, m'tchalitchi, ngakhale m'zovala zanga zomwe. Kuntchito ndinkapaka sopo pamene ndapaka kale, ndipo ndikaweruka ndinkafika pageti n'kubwereranso kukagwira timipopi kuti ndione ngati ndatsekadi. Mama ankandiyamikira pamaso pa anzanga, koma tsiku lina anandikokera pambali n'kundiuza kuti kusamala n'kwabwino, koma zangazi zapitirira kusamala. Ndinavomera, n'kupita kukapakanso sopo.

Nthawi yomweyo ndi imene kunabwera nkhani ya njinga yamoto. Munthu wina wa kwathu amene anali atangofika kumene anandiuza, ngati sakufuna, kuti Nachisale amaoneka kawirikawiri pa Boma ndi bambo wina wogwira ntchito pachipatala, wochokera ku Mpoto, ndipo bamboyo amafika mpaka pakhomo ndi njinga yake. Sindinamufunse Nachisale. Sindinganene kuti ndinakhulupirira, sindinganenenso kuti ndinaiwala. Nkhaniyo inangokhala penapake m'munsi mwa mtima, osakwera, osachoka.

Mapepala anga atatha, a ku labu sakanathanso kundisunga. Mama anati ndipite kwathu ndikakonze, malo anga andisungira. Choncho ndinabwera ku Malawi monga munthu wodzatenga chinthu chimene anaiwala, osati wobwerera kwawo.

Ndinafika ku Ligowe masana, ndili mbuu ndi fumbi. Pakhomo panali abale a Nachisale, ena oti ndinawasiya ali pasukulu tsopano ali ndi ana kumsana. Nyumba ndinaizindikira chifukwa cha zithunzi. Nachisale anandilonjera atagwada, ndi ulemu wake wonse, koma foni yake inkangolira ndipo maso ake anali a munthu wotanganidwa. Titatha malonje ananditsogolera kuchipinda kuti ndikasiye katundu, mng'ono wake Esinati akutitsatira ndi chikwama chachikulu pamutu. Nditangolowa ndinalimva fungo lija. Windo linali lotseka, lophimbidwa ndi katoni. Sindinaganize. Ndinagwada, n'kuika tsaya pansi, n'kununkhiza, n'kukweza nsalu ya bedi kusuzumira kunsi. Inali pomwepo, silinda itagona cham'mbali, itafunditsidwa chitenje, ndipo pafupi ndi mwendo wa bedi panali kambale ka phulusa la koilo ya udzudzu.

Ndinawakalipira kuti atuluke, ndipo amenewo anali mawu anga oyamba m'nyumba yanga. Ndinang'amba katoni ya pawindo, ndinakokera silindayo panja n'kuiimika pansi pa mtengo wa nachesi, n'kuitanitsa sopo ndi madzi. Anthu onse anandizungulira. Ndinapaka pakamwa pake, ndinapaka pakhosi, ndinapaka ngakhale kunsi kumene kumachita dzimbiri. Ndinadikira, koma thovu silinakule paliponse. Silindayo inali yabwinobwino, ndipo kafungo ndinamvako mwina kanali kotsalira pachitenje, mwinanso kanali ka m'mutu mwanga.

Esinati ndiye anayamba. “Alamu, mwayang'ana bwino kunsi kuja eti? Nsapato za munthu kulibe?”

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Nachisale sanaseke. Apo m'pamene ndinadziwa kuti nayenso akudziwa zimene anthu anandiuza ku Joni, ndiponso ndinaona mmene zinaonekera: mwamuna wabwera patapita zaka, asanamwe ndi madzi omwe, wagwada kununkhiza kunsi kwa bedi la mkazi wake. Pofika madzulo nkhaniyo inali itafika pamjigo, ndipo za silinda anali atazichotsamo.

Gasiyo anali wa geni yake. Ine kulibe, Nachisale anayamba kukazinga mandasi ndi tchipisi pafupi ndi chipatala. Nkhuni zinayamba kuvuta, utsi unkamupweteka maso, ndipo namwino wina ndiye anamuonetsa kuphikira gasi. Bambo wa njinga yamoto uja ankangomunyamulira silinda ikatha, kupita nayo pa Boma kuti ikwere minibasi ya ku Blantyre, n'kudzaibweza ikadzazidwa. Zimenezi ndinazimva kwa Tadala, chifukwa mwini wake sanafune kudziyeretsa pa mlandu umene sindinamufunse. M'mawa uliwonse Nachisale ankaikweza pawilibala, madzulo n'kuibweza, kuigoneka, kuikankhira kunsi kwa bedi.

Ndinayesa kumufotokozera. Ndinalankhula monga ankalankhulira Mama, za kulemera kwa gasi, za kuipa kogoneka silinda, za koilo yoyaka pansi penipeni pamene gasi amasonkhana. Ndinati izigona panja, pamthunzi, podutsa mphepo. Iye anandimvetsera akusenda mbatata, kenako anandiuza kuti mbuzi zake zinabedwa m'khola, batire linabedwa pabalaza iye ali m'tulo, ndipo kuno chinthu chimene ukuchifuna chimagona kuchipinda, kaya ndi njinga kaya ndi thumba la feteleza. Zimenezo ndinkazidziwa, ndinakulira momwemo.

“Yagona pamenepo nthawi yonseyi, bambo a Tadala, sinandiphe,” anatero. “Ngati pali china chimene mukufuna kundifunsa, funsani. Musanamizire silinda.”

Ndinati palibe. Za Lazaro zinafika pakhosi n'kubwerera, ndipo yankho langa linamveka ngati bodza ngakhale kwa ine ndemwe.

Ndikaitulutsa, iye ankaibweza. Osakangana, osatukwana, ankangoinyamula n'kudutsa nayo pamaso panga. Ine kugona m'chipinda chimenecho ndinalephera, ndiye ndinatenga mphasa n'kusamukira m'kakhitchini ka panja, pakati pa mapoto ndi nkhuku yofungatira. Kumudzi palibe chobisika. Amayi opita kumjigo m'mawa ankandiona ndikutuluka mmenemo ndi bulangete paphewa, ndipo aliyense amadziwa zimene anthu amanena za mwamuna amene wabwera kuulendo n'kukana kuchipinda. Amati mwina wapeza kanthu, mwina wabwera ndi kanthu. Zonse ziwiri zinkagwera pa Nachisale, ndipo ena anayamba kudutsa pa geni yake osagula.

Masana ndinkasowa pokhala. Khasu linkanditupitsa manja, nkhani za pabawo sindinkazitsata, theka la anthu amene ankawatchula sindinkawadziwa. Ndinkayenda mpaka pa Boma popanda chokagula, n'kukhala pamsika kuyang'ana maminibasi akudzaza. Tadala ankandipatsa madzi osamba ndi ulemu umene amapatsa alendo a kutchalitchi.

Tsiku lina pa Boma pomwepo ndinakumana ndi bambo wa njinga yamoto uja. Anandizindikira yekha, anaima, anavula chipewa chake cholimba n'kundipatsa moni ndi manja awiri, Chichewa chake chopendekera ku Chitumbuka. Anati wasangalala kuti ndabwera, chifukwa akusamutsidwa posachedwa ndipo ankadera nkhawa kuti mayi aja silinda aziwanyamulira ndani. Anali munthu wachikulire, wa imvi, wokonda kukamba za adzukulu ake. Manyazi anandigwira, koma sanandibwezere kuchipinda, chifukwa amene ankandithamangitsa mmenemo sanali iyeyo.

Kenako anaimba Mama. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba ndi foni. Ankafunsa kuti mapepala afika pati, chifukwa amene anamupatsa makiyi akumaiwala kumanga tcheni. Mtima unadumpha, ndisaname. Kumeneko kunali munthu amene ankandifuna pa chinthu chimene ndimachidziwa. Nditadula foni ndinaona kuti Nachisale anali chapafupi akuanika mbale pathandala, ndipo ngakhale Chingerezi chake n'chochepa, nkhope yanga anaiwerenga yonse.

Amene anaitana ankhoswe ndi iyeyo. Anabwera Loweruka m'mawa, a Biliati malume ake, ndi achimwene anga aakulu amene anandiimira pa ukwati. Tinakhala pakhonde, ife pamipando, iye pamphasa. Tsikulo sanapite ku geni, ndiye silinda inali itaima pakona ya khonde lomwelo, ndipo maso anga ankangothawira komweko.

A Biliati ndi munthu wosathamanga. Anayamba ndi mvula, anadutsa pa kutsika mtengo kwa mbatata, kenako anati mwana wawo wadandaula kuti ali pabanja koma akugona ngati wamasiye, ndipo ngati akamwini aona cholakwa pakhomo pano anene, anthu amve, aliyense adziwe njira yake. Mawu akuti njira yake ndinawamva bwino. Achimwene anandiponda phazi. Kenako a Biliati anapereka mpata kwa mwana wawo.

“Malume, ine sindibisa,” anatero Nachisale. “Munthuyu chibwerereni wanunkhiza chilichonse pakhomo pano. Paipi wanunkhiza, makona wanunkhiza, kunsi kwa bedi wanunkhiza anthu akuona. Koma sanakhalepo pansi n'kundifunsa kuti mayi a Tadala, zaka zonsezi munkatha bwanji. Ngati wonunkhayo ndine, anene. Ndatopa kulozedwa zala pamjigo.”

Onse anandiyang'ana. Ndinayamba ndi zomwe zija, kuti gasi ndi wolemera, kuti amayenda pansi, ndipo ndinaona a Biliati akuyamba kuwerenga malata a denga. Ndiye ndinasiya, n'kunena za Lazaro. Ndinanena za sitepe yotsika, masaka a pachitseko, matiresi a pansi, ndi chimfine chake. Ndinanena mmene khungu la miyendo yake linatsalira m'manja mwanga pomukweza m'galimoto, ndi mawu amene ananena kuchipatala. Ndinali ndisanauzepo munthu aliyense zimenezi. Mawu ankatuluka movuta, pena ndinkaima n'kuyambanso, koma palibe amene anandidula. Ndinamaliza ndi kunena kuti ndikagona pabedi lija ndimamva moto ukudzuka pansi, ndipo amene ndimamuona atakhala pabwalo akuthiridwa madzi sakhalanso Lazaro, amakhala mayi a Tadala.

A Biliati anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Kenako anati ngati zili choncho nkhaniyi ndi ya njerwa basi: pamangidwe kanyumba panja, ka zibowo m'munsi monga akunenera akamwini, paikidwe loko, silinda izigona mmenemo. Achimwene anavomera mofulumira. Ine ndinapumira m'mwamba poganiza kuti zatha.

Koma Nachisale anali asanamalize. Maso ake anali atafiira, ndipo tsopano ankayang'ana ine osati malume ake.

“Pepani ndi mnzanuyo. Mukanandiuza, tikanalira limodzi,” anatero. “Koma loko amathyola, malume akudziwa. Silindayi ndinkagona nayo chifukwa pakhomo pano panalibe munthu woti galu akauwa n'kutuluka. Ndinali ndekha ndi mwana. Ndiye mundiuze pano, ankhoswe akumva. Ngati mukubwerera kwa Mama wanuyo, isiyeni m'chipinda changa. Ndiziimika, windo ndizitsegula, koilo ndisiya, ndizisamala ndekha monga kale. Koma ikatuluka panja ndiye kuti inu mwalowa, ndipo simukupitanso.”

Ndinaganiza za makiyi aja, za lawi labuluu, za malipiro a pakutha pa mwezi, ndi za ine ku Ligowe wopanda chogwira m'manja. Ndinaganizanso zokwera basi pa Zalewa ndikudziwa chimene ndachisiya m'chipinda cha mkazi wanga. Zonse ziwiri zinandiopsa. Foni inali m'thumba la malaya, ndipo ndinkamva kulemera kwake pachifuwa.

Sindinayankhe monga amayankhira anthu odziwa kulankhula. Ndinatembenukira kwa a Biliati n'kuwafunsa ngati chikombole chawo cha njerwa chidakalipo, ndiponso ngati angandibwereke Lolemba. Anati chilipo. Nachisale anangodzuka n'kupita kukatereka madzi a tiyi wa alendo.

Kanyumbako ndinakamanga kuseri, kumthunzi, zibowo zili m'munsi. Mama ndinamuimbira ndekha kumuuza kuti sindibweranso, ndipo anangoti ndiziwauza anthu a kwathu za madzi a sopo. Sindinganene kuti mtima unakhazikika. Mpaka pano ndikamva minibasi ikuitanira anthu a ku Blantyre miyendo imayabwa, ndipo mphuno yanga ikadali yabodza monga kale. Koma ndimagona kuchipinda, ndipo galu akauwa, wotuluka ndine.